Tchuthi cha Banja pa Chilumba cha Unguja

Abale ndi alongo m'Chisilamu, ambiri a ife tikamva za tchuthi cha kunyanja timaganiza za mowa, magule ndi anthu oyenda osavala mokwanira, ndipo timangoti zimenezo si zathu. Pa chifukwa ichi mabanja ena amagwira ntchito chaka ndi chaka osapumako, mpaka bambo ndi ana ake amasanduka alendo m'nyumba imodzi. Komatu alipo malo amene banja lingathe kukapumako osasiya chipembedzo chake kumudzi. Ena mwa malo otere ndi Unguja, chilumba chachikulu cha Zanzibar m'dziko la Tanzania.

Kuchokera kuno munthu amatulukira pa chipata cha Songwe ku Karonga, nakwera basi ya ku Mbeya, kenaka ya ku Dar es Salaam. Kumeneko kuli sitima ya pamadzi imene imayenda pafupifupi maola awiri kukafika pachilumbapo. Unguja ndi wotalika makilomita pafupifupi 85, ndipo anthu ake ochuluka zedi ndi Asilamu. Azana imamveka m'tauni ndi m'midzi momwe, ndipo mayi sachita kufunsa kawiri ngati nyama ili ya halal. Nyengo yabwino yopitira ndi kuyambira June mpaka October, popeza kuyambira March mpaka May kumagwa mvula yambiri.

Kuvuma kwa chilumbachi kuli midzi ya Paje ndi Jambiani, kumene mchenga wake ndi woyera ngati ufa ndipo mitengo ya kokonati imafika mpaka pagombe. Ife ozolowera nyanja ya Malaŵi timadabwa ndi chinthu chimodzi. Kawiri pa tsiku madzi amaphwa nkuthawira kutali, ndipo pakapita maola asanu ndi limodzi amadzazanso. Imeneyi ndi mphamvu ya mwezi imene Mulungu adaiika kuti idzikoka madzi a m'nyanja zikuluzikulu. Madzi akaphwa ana amatola zigoba za nkhono, pamene amayi a m'mudzimo, atavala nsalu zawo ndi mipango kumutu, amalowa kukasamalira minda ya ndere za m'nyanja zotchedwa mwani. Ulimi umenewu udayamba mu 1989 ndipo umathandiza mabanja ambiri.

Tisabise, mahotela ogulitsa mowa aliko, ndi alendo ovala mosadzilemekeza alikonso. Koma banja likasankha nyumba ya alendo ya m'mudzi, nkupita kugombe itangotha swala ya Fajr, limapeza bata ndi asodzi okha akukonza ngalawa zawo. Alongo athu angathe kulowa m'madzi atavala mokwanira monga achitira eni mudzi. Kumbukiraninso kuti wapaulendo adapatsidwa chilolezo chofupikitsa swala za maraka anayi kukhala awiri, choncho palibe chifukwa chodumphitsira swala.

Msewu wochokera m'tauni kupita ku Paje umadutsa pa nkhalango ya Jozani, imene boma lidaisandutsa paki ya dziko yosungirako zachilengedwe mu 2004. Muno muli anyani ofiira pamsana amene eni ake amawatcha kima punju, ndipo kwawo kwenikweni ndi pachilumba pomwepa. Kuona maso a nkhono nkudekha: mukakhala chete amatsika mpaka pa nthambi za m'munsi, ana atakangamira pamimba pa amawo. Chakudya chawo ndi masamba, ndipo ena mwa iwo amadya makala kuti achepetse ululu wa m'masamba ena monga a mango. Adawaphunzitsa ndani mankhwala amenewa? Funso limeneli mukawafunse ana anu muli pomwepo, pakuti likawaphunzitsa za Mlengi koposa kuwakalipira. Chapafupi pali kamlatho ka matabwa kodutsa pakati pa mikoko, mitengo yomera m'madzi a mchere, imene mizu yake imatchinjiriza gombe ndi kusunga tiana ta nsomba.

Kummwera kuli mudzi wa Kizimkazi Dimbani. Mzikiti wa pamenepa uli ndi malemba a Chiarabu pakhoma osonyeza chaka cha 500 cha Hijra, chimene ndi 1107. Mwana amene anzake kusukulu amamuuza kuti Chisilamu ndi chachilendo mu Africa muno akaone khoma limenelo ndi maso ake.

Tsiku lomaliza lisungireni tauni yakale ya Stone Town, ya tinjira topapatiza ndi zitseko zosema mwaluso. Pano mpamene mbiri ya chilumbachi imakumana ndi yathu. Amalonda a Chiswahili ochokera kugombe limeneli, monga Jumbe Salim bin Abdallah amene adakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, ndiwo ena mwa amene adafikitsa Chisilamu kunyanja kwathu. Koma njira yomweyo idatenganso abale athu ambiri ali m'magoli. Msika wa akapolo wa ku Zanzibar udatsekedwa mu 1873, ndipo pamalo pake, ku Mkunazini, padamangidwa tchalitchi cha Anglican. Pitaniponi ndi ana, muwauze zoona zonse, ndipo muwapemphere dua anthu amene sadabwererenso kwawo. Madzulo ake mukakhale pa bwalo la Forodhani, mukumwa madzi a nzimbe ndi kuonerera zombo za matanga zikulowa padoko.

Ulendo wotere umafuna ndalama, ndipo sitikunena kuti munthu akongole kapena aiwale zakaat ndi fizi ya ana. Koma amene Mulungu wampatsa mpata asunge pang'onopang'ono, atenge banja lonse osati kupita yekha. Ndipo akafika akumbukire mawu a makolo akuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Insha Allah mudzabwerako matupi atapuma ndi imani itawonjezeka.