Mlekeni Mwanayo Akonze Zida Zake

Amayi anzanga, ena mwa inu muli ndi ana aakazi amene anaphunzira za kompyuta, ndipo madandaulo anu ndimawamva kuchigayo ndi pobwera kumapemphero: "Mwana uyu angokhala pampando tsiku lonse, ndalama za bandulo zikutha, koma chooneka palibe." Lero ndifuna ndimuyankhulireko mwanayo, pakuti ine ndine telala, ndipo ntchito yakeyo ndinaizindikira ndi maso a telala.

Mudziŵa inu kuti malaya a sukulu sasokedwa ngati thumba la chimanga. Telala amadula kolala payekha, mikono payokha, kathumba ka pachifuŵa pakokha, ndipo pateni ya kolala akaidula bwino kamodzi imamtumikira pa malaya 50. Tsamba la pa intaneti, lija mumaliona pa foni, nalonso liri ndi zidutswa zake: batani lodina, chithunzi cha chipinda ndi mtengo wake mmunsi, malo olembapo dzina ndi tsiku lofika. Opanga masamba amalemba chidutswa chiri chonse kamodzi, nachigwiritsa ntchito pali ponse pamene chafunika. Njira imeneyi inafala kwambiri kampani ya Facebook itapereka kwaulere chida chake chotchedwa React mu 2013.

Koma zidutswa sizidzisoka zokha. Pafunika chida china chozisonkhanitsa, kuzilumikiza ndi kuzifinya kuti zipepuke. Kwa zaka zambiri chotchuka chinali Webpack, chimene Tobias Koppers wa ku Germany anachiyamba mu 2012. Achinyamata ambiri tsopano akonda Vite, cha Evan You, chimene chinatuluka mu 2020. Dzinalo m'Chifalansa litanthauza "msanga". Zida zimenezi sizigulidwa, koma kuziika pa kompyuta kumadya nthaŵi ndi bandulo, ndipo apa mpamene mkangano umayambira m'nyumba zathu.

Mwana wanga wachiŵiri anapatsidwa ntchito yopangira tsamba nyumba ina yogona alendo cha ku Monkey Bay. Masiku atatu oyamba sanatulutse chithunzi ngakhale chimodzi. Anayamba waika pulogalamu yotchedwa Node.js, imene zida zinazo zimatsamirapo. Kenaka analemba mzere umodzi wa mawu, kompyuta niyamba kutsitsa timapulogalamu tambirimbiri kuchokera pa intaneti, kena kodalira kanzake ngati mikanda pa ulusi. Bandulo inathera pakati, nayambanso. Magetsi anathima, nadikira. Zitatheka, anandionetsa kafayilo kamene kasunga dzina ndi nambala ya chida chiri chonse, kuti kompyuta ikadzafa, kapena ntchito ikadzapita kwa wina, adzapeze zida zomwezo osasiyana. Bambo ake anafunsa kaŵiri ngati eni nyumba ija adzalipiradi munthu wongoyang'ana timalemba toyera pa galasi lakuda. Amuna athu, paja, ntchito amaikhulupirira akaona thukuta.

Ine ndinakumbukira tsiku limene makina anga a Singer anafika. Sindinasoke kanthu kogulitsa. Ndinamanga lamba, ndinathira mafuta, ndinatha theka la tsiku ndiri pa kansalu kotaya, kuyesa kuti ulusi wapamwamba ndi wa mu bobini zikokane mofanana. Telala wothamangira nsalu ya mwini asanachite zimenezi amaona msoko uli wonse utakwinyika, ndipo kusomola kumaposa kusoka kuŵaŵa kwake.

Tsiku lachinayi anandiitana. Anasintha mtundu wa batani pamalo amodzi, ndipo nthaŵi yomweyo mabatani onse a pa tsamba lonselo anasanduka obiriŵira ngati nyanja. Ndinachita nsanje pang'ono, pakuti ine kusintha mabatani a malaya 50 ndi ntchito ya mlungu.

Za kufinya kuja musazipeputse. Mlendo wa ku Johannesburg ali ndi intaneti yamphamvu, koma mphunzitsi wa ku Namwera kapena wa ku Makanjira wofuna chipinda cha usiku umodzi ali ndi kafoni ndi netiweki yobwera ndi kupita. Tsamba lolemera silitseguka kwa iye. Limangomudyera bandulo, iye nkupita kwina. Ndipo alendo tiri nawo: dera la Cape Maclear liri mu Lake Malawi National Park, imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984, ndipo obwera kudzaona mbuna amayamba afufuza pogona pa foni asananyamuke. Ntchito ya masamba ameneŵa ilipo, ndipo ana athu akapanda kuigwira idzagwiridwa ndi a ku Blantyre ndi a kunja. Kuti mkazi angathe, Mayi Rachel Sibande anaonetsa kale pamene anakhazikitsa mHub ku Lilongwe.

Tsono mwana akakuuzani kuti akuika zida, mgulireni bandulo imodzi yaikulu mmalo mwa ting'onoting'ono tothera panjira, ndipo ngati netiweki ya kwanu ndi yofooka, mpatseni ya basi akatsitsire zidazo pa boma. Magetsi akayaka, ayambe ndi iye kutchaja. Usipa wa kudoko masiku atatu amenewo akagule ndi mlongo wake. Miyendo nayenso ali nayo.