Kaundula wa banki m'khonde amene sanasowe

Kutatsala masiku atatu kuti amayi a banki m'khonde agawane ndalama za chaka, mtsikana wina wa ku Mchinji anatsegula pulogalamu yake napeza kaundula ali mbee. Munalibe dzina ngakhale limodzi. Masheya, ngongole ndi chiwongoladzanja zimene iye analemba sabata ndi sabata zinalibemo. Mlembi wa gululo anali azakhali ake, ndipo ndiwo anakakamiza anzawo kuti akhulupirire kompyuta ya mwana wa mchimwene wawo mvula itanyowetsa kope lakale. Ndalama zikanasokonekera, mlandu ukanagwera iwo.

Pulogalamuyo anailemba yekha m'chiyankhulo cha Python, ndipo zolemba zonse ankazisunga mu SQLite, database imene D. Richard Hipp anaitulutsa mu 2000. Ubwino wa SQLite ndi wakuti zonse zimakhala mu fayilo imodzi, ndipo pulogalamu imangofunika kuuzidwa kumene fayiloyo ili. Vuto lonse linagona pa kauzidwe kameneko.

Poyamba iye analemba njira yathunthu, imene akatswiri amaitcha absolute path: kuyambira pa /home, kudzera pa dzina lake, kulowa mu foda ya ntchitoyo mpaka kufika pa banki.db. Njira yotere ili ngati mmene munthu amadzitchulira ku polisi kapena ku khoti: mudzi wakuti, mfumu yaikulu yakuti, boma lakuti. Aliyense akhoza kumpeza, kaya achokere kuti. Koma mtsikanayo atatumiza pulogalamuyo kwa mchimwene wake wa ku Chipata kuti amuthandize kukonza zina, inakana kuyenda. Kompyuta ya mchimweneyo ndi ya Windows, kumene njira zimayambira pa C:, ndipo foda ya dzina la mlongo wake kunalibe. Iye anamulangiza kuti achotse zonsezo, asiye dzina la fayilo lokha. Anatero, ndipo pulogalamuyo inayenda bwino tsidya lino ndi tsidya lina la Mwami.

Njira yaifupiyi, yotchedwa relative path, ili ngati kulondolera mlendo kuti mukafika pa mtengo wa mango mukhotere kumanzere. Mawuwo ndi oona kwa amene wayambira pamene wolondolerayo akuganiza. Kompyuta nayo imawerenga njira yotere kuchokera mu foda imene munthu waima poyambitsa pulogalamu, osati mu foda imene pulogalamuyo imakhala. Kwa miyezi yonse ija mtsikanayo ankaiyambitsa kuchokera m'pulogalamu yolemberamo, imene inkatsegula foda ya ntchitoyo nthawi zonse, choncho malo awiriwa ankagwirizana iye osadziwa. Usiku umenewo, pofulumira, anaiyambitsa pa terminal ataima mu foda ina.

Chimene chinabisa cholakwacho ndi khalidwe la SQLite. Ikauzidwa kutsegula fayilo imene kulibe, siidandaula ayi: imangopanga yatsopano yopanda kanthu. Ndiponso iye mwini anali atalemba kuti pulogalamu izipanga matebulo ake ikapeza kuti palibe. Motero zonse zinaoneka zolongosoka, mitu ya mizere ili m'malo mwake, kupatula kuti munalibe munthu.

Mantha atamugwira, anayamba kulowetsanso mayina ndi ndalama kuchokera m'mutu ndi m'timapepala ta azakhali ake. Atafika pa mayi wachisanu anazindikira kuti sakukumbukira ngati mayiyo anabweza ngongole ya mwezi wa June. Pamenepo anaimbira foni ku Chipata.

"Achimwene, kaundula yense wafufutika," anatero mawu akunjenjemera.

Mchimwene wake sanafunse za kaundulayo. Anafunsa kuti, "Mlongo wanga, pulogalamuyo waiyambitsa utaima pati?"

Anamuuza kuti asalembenso kalikonse, koma afufuze m'kompyuta yonse mafayilo a dzina lakuti banki.db. Anapezeka awiri. Ina inali yaing'ono, yopangidwa usiku womwewo, ya mayina asanu. Ina inali mu foda ya ntchito, yosakhudzidwa, ya chaka chathunthu. Akanapitiriza kulemba za m'mutu, gululo likanafika pa tsiku logawana lili ndi makaundula awiri otsutsana, ndipo amenewo ndi oopsa kuposa kusowa kaundula.

Awiriwa sanagwirizane msanga za amene analakwa. Mtsikanayo anati njira yathunthu ija sinamusocheretsepo, ndipo anaisiya chifukwa cha malangizo a mchimwene wake. Mchimweneyo anayankha kuti njira yokhala ndi dzina la munthu mmodzi imamangirira pulogalamu pa kompyuta imodzi, ndipo tsiku limene laputopuyo idzafe, pulogalamuyo idzakana kuyenda kwina kulikonse. Onse ankanena zoona. Njira yathunthu yolembedwa pamanja imasweka pulogalamu ikasamuka, pamene njira yaifupi imasweka munthu woiyambitsa akasuntha.

Chimene anachita pomaliza ndi chimene olemba mapulogalamu ambiri amachita. Mu Python, fayilo iliyonse ya pulogalamu imadziwa pamene ili kudzera mu dzina lakuti __file__. Iwo anaiuza kuti iyambe yapeza foda yake, kenako iwonjezerepo banki.db. Njira yotuluka pamenepo ndi yathunthu, koma imawerengedwa mwatsopano pa kompyuta iliyonse. Django imachitanso chimodzimodzi ndi BASE_DIR m'makonzedwe ake. Kusamala kotere n'kofunika ngakhale kwa odziwa ntchito: mu SQLAlchemy, adiresi ya SQLite yokhala ndi timizere topendekera titatu imatanthauza njira yaifupi, pamene pa Linux kamzere kachinayi ndiko kamaisandutsa yathunthu.

Anawonjezera zinthu zina ziwiri. Anatsegula database ndi mode=rw, kuti fayilo ikasowa pulogalamu ikane poyera m'malo mopanga ina mwakachetechete. Anaikanso mzere wosonyeza pamwamba njira yonse ya fayilo imene yatsegulidwa, kuti maso aone asanalembe ndalama ya munthu. Fayilo yaing'ono ija anaifufuta, ndipo yaikuluyo anaikopera pa flash.

M'mawa mwake anafotokozera azakhali ake zonse, osabisa kanthu. Iwo anamvetsera ali kusankha nyemba pa lichero, nafunsa funso limodzi lokha: ngati ngongole ya mwezi wa June ija inalembedwa kuti inabwezedwa. Inali italembedwa. Anagwedeza mutu nati, "Mwanawe, kufunsa ndi kudziwa njira. Ukanaimba foniyo usanayambe kulemba za m'mutu."

Loweruka amayi anagawana ndalama zawo popanda mkangano. Lolemba azakhali aja anagula kope latsopano, ndipo kuyambira pamenepo ndalama iliyonse ya gululo imalembedwa pawiri.