Utoto ndi Choko ku Limbe

Ku Limbe malonda amayamba ndi pakamwa. Kusanache bwino, anyamata oitanira minibasi ali kale pa depoti: "Zomba! Mulanje! Thyolo munthu mmodzi!" Kachimkuzamawu ka mabatire kopachikidwa pa benchi kayamba kubwereza mawu ake a tsiku lonse, mankhwala a makoswe, mphemvu ndi nsikidzi. Pamwamba pa onsewa pali zikwangwani za eni ndalama, chofiira cha Airtel, chobiriwira cha TNM, zomwe zandandalika mumsewu wa Masauko Chipembere mpaka kukafika mu Blantyre. Ngakhale timaokala tambiri tavala utoto wa makampani omwewa, poti amapaka ulere.

Koma munthu woyenera kumuonera ali kuseri kwa masitolo a hadiweya, pakati pa zitini za penti ndi zidutswa za malata. Ndi mkulu wolemba zikwangwani, zala zake zothimbirira, burashi ili kukhutu. Amalemba za ometa, za okonza mafoni, za asing'anga. Lero kwabwera mayi wa ku Bangwe amene amapera chiponde kunyumba n'kumathira m'mabotolo.

"Bambo, mundilembere kuti chiponde chokoma kuposa zonse."

"Mayi, zimenezo aliyense amanena. Mtedza wanu ngwakuti?"

"Wa ku Mchinji. Sindithira shuga, mchere pang'ono basi."

"Ndiye tilembe zimenezo. Nambala ya foni ikhale yaikulu, munthu aiwerenge ali m'minibasi."

Akuyeza ndi chingwe, akulemba kaye ndi pensulo, kenako burashi ikuyenda mosathamanga, chilembo chilichonse mimba yake yofanana ndi chinzake. Pansi akusiya malo n'kupakapo penti yakuda. Apo, akuti, mpolemba mtengo ndi choko. Chichokereni Novembala 2023, pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti, wolemba mtengo ndi penti amalira. Chikwangwani cha kampani yaikulu chimasindikizidwa kutali, chimadikira mabwana asaine, ndipo sichingauze munthu mtengo wa lero. Mayi wa chiponde amangofufuta ndi nsalu. Wamng'ono ali ngati njinga ya kabaza: amalowa m'timipata momwe lole singakhote.

Masana palibe chachilendo. Dzuwa, fumbi, fungo la chipisi, a khonsolo akuthamangitsa mavenda omwe abwerera iwo akangokhota. Chomvetsa chisoni n'chakuti kathabwa ka wosauka ndiko kamayamba kuponyedwa m'galimoto.

Chakumadzulo kwafika lole ya zokuzira mawu, DJ pamwamba, atsikana ovina atavala matisheti ofanana. Akutsatsa chakumwa cha kampani ina yaikulu. Anthu aunjikana, avina, alimbirana zipewa zaulere. Lole itachoka, ambiri a iwo apita kwa mayi wa thobwa amene amawadziwa mayina, amawonjezera basera, ndipo pakati pa mwezi amakongoza. Ndalama zingati zingagule zimenezo?

Dzuwa likupendeka, mwana wa mayi wa chiponde uja wabwera kudzatenga chikwangwani. Asanachinyamule wachijambula pa foni, pambali pa mabotolo atatu, n'kuchiika pa WhatsApp. Mkulu uja akupukuta maburashi uku akudandaula kuti penti yakwera, ndipo makina osindikiza mabanala amulanda makasitomala.

"Komatu banala ikapsa ndi dzuwa amabwerera konkuno," akutero. "Uwauze mayi ako, yotsala ija ndiifuna Loweruka."