Kalata yochokera ku Lusaka

Okondedwa achimwene,

Amayi muwauze kuti kuno ndikudya nsima yokwanira, asamade nkhawa.

Mwandifunsa maganizo pa nyumba mukumanga ku Mchinji ija. Ndiyambe ndakuuzani za mzinda uno, poti nzeru zangazi ndazitola m'nyumba za eni ake zomwe ndimalowamo ndi matabwa paphewa.

Lusaka ndi wosalala, alibe phiri loti n'kukulozera njira. Mlendo amayendera Findeco House, nyumba yosanja yaitali ya kumapeto kwa Cairo Road. Chakumadzulo kwake kuli City Market ndi Soweto, komwe anthu ndi mawilibala amalimbirana njira. Chinyanja chawo n'chothira Chibemba, koma timamvana.

Ndimagona ku Chelstone, pafupi ndi thanki yamadzi yomwe munthu amaiona polowa mumzinda kuchokera ku Chipata. Matabwa timapalira ku Kalingalinga, m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, komwe mabedi, zitseko ndi mageti zimayalidwa panja. Ogula okhuthala m'thumba ndi a kumayadi, ku Woodlands ndi ku Kabulonga.

Kumeneko ena amapatula chipinda chathunthu kuti chikhale cha masewera basi. Pakati amaika tebulo la pool, pamwamba pake nyali yolendewera motsika kuti mipira isachite zithunzithunzi. Pakhoma TV yaikulu ya mpira ndi PlayStation, kutali ndi zenera kuopa kuthobwa, pansi kapeti womeza phokoso. Ine changa ndi mashelefu, poimika ndodo ndi mipando italiitali ya mlombwa, womwe kuno amati mukwa. Choseketsa n'chakuti ambiri amagula tebulo asanayeze chipinda. Ndodo yosewerera ndi pafupifupi mita ndi theka, choncho ngakhale tebulo laling'ono limafuna chipinda cha mamita 5 kwa 4. Chikachepa, bwana wolemekezeka amaswa galasi la zenera ndi thako la ndodo. Tebulolo lilinso ndi mwala wolemera pansi pa nsalu yobiriwira ija. Likapendekeka pang'ono, mipira yonse imathawira ngodya imodzi.

Koma achimwene, zipinda zimenezi zimangokhala zii. Zili kuseri kwa mpanda wa waya wamagetsi, mlonda ndi agalu. Angabwere ndani kudzasewera? Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba magetsi ankathima pafupifupi tsiku lonse, ndipo opanda sola TV zawo zinangosanduka zokongoletsa khoma. Pitani ku Kabwata madzulo: tebulo lothetheka nsalu pansi pa malata, oponya kobiri ali pamzere, owonerera akulangiza ngati analipidwa. M'misika madoda aunjirira nsolo, m'bale wake wa bawo wathu, miyala ili khobokhobo. Ku Kabwata komweko, pa msewu wa Burma, kwatsala nyumba zozungulira 43 zaudzu zomwe atsamunda anamangira antchito akuda. Lero osema ziboliboli amagulitsiramo, ndipo a kumayadi amagula zinthuzo kukakolekanso m'zipinda zawo zija.

Ndiye langizo langa nali: musataye njerwa pa chipinda chotsekera. Kulitsani khonde lifike mamita 3, liyang'ane kunjira. Mumange kakhoma kofika m'mawondo kuti kakhalenso mpando, pansi mutsire simenti yosalala, m'denga babu la sola. Mbali ya kum'mwera muitchinge chifukwa cha mwera wa mwezi wa June. Pakona pakhale kabati yokiya yosungira nkhomo za bawo, apo ayi adzukulu anu azimaliza ndi malegeni. Thabwa la bawo, la maenje 32, ndisema ndine pa mlombwa wouma bwino, lokhala ndi miyendo yake kuti atsibweni asamawerame.

Mmisiri wanuyo asayambe kukhoma denga musananditumizire miyezo ya kutsogolo kwa nyumbayo pa WhatsApp. Ndalama ya malata owonjezera ndidzatumiza mwezi ukatha, ndipo bawolo ndidzabwera nalo ndekha pa basi ya ku Chipata.

Moni kwa onse pamudzi.

Ine mng'ono wanu.