Tagula chipinda chimodzi ku Mandala, imvani kwa mwini wake

Nkhaniyi yayamba kale kuyenda m'maminibasi, ndiye ndati muimve kwa ine. Inde, ndi zoona. Ine ndi mayi akunyumba tagula fulati ku Mandala, mumzinda wa Blantyre. Si chinyumba cha mpanda ayi. Chipinda chogona chimodzi, pabalaza, kakhitchini koti anthu awiri sangatembenukiremo, bafa ndi chimbudzi m'kati. Basi.

Ndiyambe ndi funso limene mukuchita nalo manyazi. Chakhumi chanu sichinalowepo ngakhale tambala. Mabuku a mpingo ali ndi asungichuma, wofuna akaone. Ndalamayi ndi ya chinanazi chimene timatumiza ku Limbe, ndi ya zitenje zimene mayi amagulitsa pa Limbuli, dzuwa ndi mvula, zaka zoposa khumi. Tinkasunga pang'onopang'ono. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, tinagona tili ndi ndalama, tinadzuka ili yomweyo koma yopanda mphamvu. Mayi anati, "Bambo, ndalama iyi tiisandutse njerwa isanathe ngati mchere m'madzi."

Mkulu wina wa mpingo anandifunsa mwachikondi kuti, "Abusa, ndalama imeneyo kuno kwathu simukanamanga ya zipinda zinayi?" Ndikanamanga. Koma pati? Imani pamsewu muyang'ane kuphiri: zobiriwira zonsezo ndi tiyi, ndipo ali ndi eni ake. Kotsalako tapanikizana ngati machesi. Ndipo inu amene munaona zimene namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023 kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe, mukudziwa kuti si malo onse amene munthu angaikepo thukuta lake lonse.

Palinso china, cha mumtima. Bambo anga anathyola tiyi moyo wawo wonse. Tinakulira m'nyumba ya kampani pa esiteti ina. Tsiku lopuma ntchito anabweza kiyi, katundu tinamusenza pamutu. Anakamanga kumudzi kwa mayi, monga mwa mwambo wathu wa chikamwini. Mayi atatisiya, maliro asanaiwalike, bambo anauzidwa mwaulemu kuti kwawo akukudziwa. Munthu wa imvi, nyumba ziwiri, yake palibe. Sindikunyoza mwambo, ndine mwana wa mwambo womwewo. Koma chikalata cha fulati iyi chili ndi maina awiri, langa ndi la mayi. Wotsala sadzasenza katundu.

Nanga bwanji Mandala, kwa anthu a ndalama? Chifukwa cha lendi, abale. Kuchokera pamenepo munthu amayenda wapansi kukafika ku chipatala cha Queens ndi ku KUHeS. Dokotala wachinyamata safuna zipinda zinayi, amafuna madzi, magetsi ndi pogona pa phee.

Tsono inu amene muli ku Joni mukusunga ma randi, mvetserani apa. Madobadoba anatizungulira ngati ntchentche, aliyense ndi zithunzi pa foni, eti "perekani kaye theka, ena akuifuna." Sitinapereke kanthu mpaka loya atakafufuza ku ofesi ya za malo: kodi wogulitsayo ndiye mwini wake? Kodi nyumbayo sinaikidwe chikole ku banki? Kodi ilibe ngongole ya misonkho ku khonsolo ya mzinda? Fulati yoyamba imene tinaikonda inapezeka kuti ndi ya masiye, ana ena sakudziwa n'komwe kuti ikugulitsidwa. Tinaisiya, mtima ukuwawa.

Dziwaninso kuti pa fulati umagula makoma, bwalo ndi la nonse. Pansi pako pali munthu, kuseri kwa khoma kuli munthu. Mwezi ndi mwezi pali ndalama ya mlonda, ya zinyalala ndi yokonzera denga, kaya muli munthu kaya mulibe. Nkhuku saloleza. Phokoso la usiku saloleza, ndiye m'bindikiro wathu uja wa ng'oma ndi zokuzira mawu, iwalani!

Sitikusamuka. Lamulungu mundipeza pano ngati kale. Wa lendi alowa pa 1 mwezi wa mawa. Apongozi anga tinapita nawo kuti akaone, anakwera masitepe, anasuzumira pazenera nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti, "Nanga mtondo muzisinjira pati?"