Mtima ukufuna liwiro, msewu ukukana

Pali matenda ena amene sagoneka munthu m'chipatala, koma akakugwira tulo umasowa ndithu. Amakonda abambo amene tayamba kumera imvi, ana atamaliza sukulu, ngongole zitayamba kuchepa. Chizindikiro chake n'chimodzi basi: munthu umayamba kuiyang'ana chammbali galimoto imene yakusunga zaka zambiri, ngati kuti inakulakwira kanthu. Ine matendawa andipeza chaka chino, ndipo amene akuvutika ndi kudwazika ndi mayi a kunyumba.

Yangayo ndi Toyota Corolla ya 2004, injini yake ya malita 1.5, mahosipawa ngati 110. Sinandichititsepo manyazi. Yapita ku Blantyre kosawerengeka kudzera pa Liwonde ndi Zomba, yanyamula matumba a chimanga, yaperekeza akwati, ndipo fungo la chambo silidzachokanso kumbuyo kwake ngakhale mutatsuka ndi sopo wanji. Koma mukaipondera kuti mupitirire lole pamsewu wa ku Monkey Bay, imayamba yaganiza kaye ngati mfumu yoweruza mlandu wa munda. Pamenepo mpamene mtima umanena kuti: kodi iwe udzafa osalawako galimoto yomvera phazi?

Tisanamizane, awerengi, nthenda imeneyi kuno ku Mangochi imachokera ku Joni. Ikafika Disembala anyamata athu amene amagwira ntchito ku Johannesburg amatulukira ndi magalimoto a nambala za GP, ma Golf GTI ndi ma BMW, n'kumazungulira pa nsanja ya wotchi ija pa boma, mawindo ali otsitsa, nyimbo zili m'mwamba. Iwowa ndi amene anandiphunzitsa dzina loti gusheshe, BMW 325iS ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, imene ku Soweto amaizunguza pamalo amodzi mpaka matayala kufuka utsi. Ndimawaseka, inde, kuti ndalama za thukuta akuziwotcha pa phula. Koma ndikamva kulira kwa injini zawozo khosi limatembenuka lokha.

Ndiye ndinayamba kufufuza, usiku, pa foni, m'masamba a intaneti a ogulitsa magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ku Japan. Yoyamba kundikopa inali Toyota Mark X, imene anaipanga kuyambira 2004 mpaka 2019. Injini yake ndi V6 ya malita 2.5, mahosipawa opitirira 200, ndipo imakankha ndi matayala akumbuyo. Ndi yaulemu, yoyenera munthu wa msinkhu wanga; ukafika nayo pa ukwati ku Nkopola palibe angakufunse kuti waitanidwa ndi ndani. Yachiwiri inali Golf GTI, yaing'ono, yaukali, ya turbo. Yachitatu Subaru Impreza WRX, imene imakoka ndi matayala onse anayi. Anzanga a zaka zanga akukumbukira kuti Colin McRae anapambana mpikisano wa dziko lonse wa magalimoto othamanga m'misewu ya fumbi mu 1995 ali mu Impreza. Chithunzi cha galimoto yabuluu ija, ili m'malere, fumbi lili kobo kumbuyo, ndinachidula m'magazini n'kuchimata pakhoma masiku amenewo ndilibe ngakhale njinga yakapalasa.

Zonsezi ndinakazitula kwa makaniko wanga, bambo wa mawu ochepa amene galaja yake ndi mthunzi wa mtengo wa mango. Anamvetsera akupukuta manja, kenako anati, "Achimwene, GTI muisiye. Ikangoyatsa kanyali padashibodi, ine pano ndilibe kompyuta yoifunsira. Mudzaikweza pa lole mpaka ku Blantyre." Za WRX anangopukusa mutu. Turbo, iye anati, imafuna oyilo wabwino wosinthidwa pa nthawi yake, ndiponso petulo wapamwamba amene kwawo ku Japan amagulitsa padera. Kuno petulo ndi wa mtundu umodzi, wosakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo masiku a mizere ija munthu umathira aliyense amene wam'peza, ngakhale wa m'chigubu amene sudziwa kuti wasakanizidwa ndi chiyani. Mark X yokha ndi imene anailekerera, chifukwa masipeyala a Toyota sasowa ku Limbe. "Koma mukagule kaye rula," anatero, "muyeze hampu ya pa sukulu paja."

Sanali kuseka. Mimba ya Mark X imatalikira pansi ndi masentimita 15 okha kapena kuposerapo pang'ono. Mukakwezamo anthu asanu ndi thumba la mpunga, hampu iliyonse imakupatsani moni.

Ndipo apa mpamene nkhani yagona, chifukwa galimoto yothamanga imafuna kothamangira. Msewu wochoka ku Liwonde, makilomita 75, anaukonza bwino ndipo ndi wosalala. Koma werengani misika, masukulu ndi mizikiti imene ili m'mphepete mwake. Wa ku Monkey Bay ndiye musanene. Pa Mpondasi, pa Namiasi, pa Maldeco, pa Makawa, msewu ndi bwalo la aliyense: akabaza atabereka anthu awiriawiri, amayi atasenza madengu a usipa, ana akuchokera ku madrasa, anyamata akukupizira nsomba m'mwamba kuti muime mugule, ndi mbuzi. Mbuzi za kuno zimagona pa phula ngati zinalipira msonkho. Munthu wanzeru zake sangapondere mahosipawa 200 pamenepo, ndipo amene amatero timawadziwa, tinaperekezapo maliro a anthu amene anawawomba.

Malo oti galimoto yotere ingasangalatse mwini wake ndikuwadziwa awiri. Ena ndi chitunda cha ku Chowe, mukawoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi n'kuyamba kukwera kulowera ku Namwera ndi ku Chiponde, pamene msewu umapindika ngati njoka ndipo mukacheuka mumaona nyanja ya Malombe ili nyezinyezi kumunsi. Ena ndi phiri la Golomoti polowera ku Dedza. Kumeneko Corolla yanga imakwera ikubuula pa giya yachiwiri, ine n'kumaipepesa. Ndikatseka maso ndimadziona ndili mu Subaru, m'mamawa kusanatenthe, ndikudya makona amenewo imodzi imodzi. Koma pa chaka ndimakwerako kangati? Kanayi, mwina kasanu. Ndipo ngakhale pamenepo, kuseri kwa kona kumakhala Sienta itadzaza anthu mpaka kubuti, kapena njinga ya makala ikutsika yopanda mabuleki.

Za ndalama sindichulukitsa, mukuzidziwa. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700 ku banki. Mtengo umene mumauona pa foni ndi wa ku doko la Dar es Salaam. Kuchoka apo pali woiyendetsa mpaka pa Songwe, kenako msonkho, umene umakwera injini ikamakula ndi galimoto ikamakalamba. V6 imalangidwa pa chipata, n'kudzalangidwanso tsiku ndi tsiku pa pampu.

Koma chimene chandigoneka chagada si ndalama ayi. Ndi funso limene mayi a kunyumba anafunsa akusankha mpunga, osandiyang'ana n'komwe: "Abambo ake, nanga amayi akadzadwala usiku ku Makanjira, chimenecho chikafika?" Apongozi anga amakhala tsidya lija la nyanja, kupitirira Malindi, ndipo amene anayendapo msewu wa ku Makanjira nthawi ya dzinja safuna kufotokozeredwa. Kwathu kuno galimoto si ya amene dzina lake lili pa bulubuku. Ndi ambulansi ya mudzi wonse, ndi yonyamula nkhuni za pamaliro, ufa wa sadaka, mwana wa mlongo wako wopita ku sekondale ndi sutikesi yake. Ukagula ya zitseko ziwiri, kapena yokhudza pansi, wauza abale ako mosalankhula kuti asamakudalirenso. Ena amatero dala, ndipo sindiwaweruza. Kutumidwa usiku ndi usana kumatopetsa, ndipo munthu amene wagwira ntchito zaka 30 ali ndi ufulu wogula kanthu kamodzi kongomusangalatsa yekha. Zoti chilichonse chokoma n'chibwana ine sindivomereza. Kungoti foni ya 2 koloko usiku ija ikadzalira, ndikufuna ndidzathe kuyankha kuti ndikubwera.

Makaniko uja ndi amene anatchula Subaru Forester ya turbo. Poyamba ndinanyansidwa nayo, imaoneka ngati galimoto ya mabungwe. Koma magwero ake ndi Impreza yomwe ija, injini ya mtundu womwewo, matayala onse anayi amakoka, ndipo mimba yake ili masentimita 20 kuchokera pansi. Mavuto a oyilo ndi petulo aja ndi omwewo, sanabise. Anati ndizisunga oyilo wanga kunyumba ndipo za m'zigubu ndiiwale, kusowa kwa mafuta kukavuta ndiziyenda pa kabaza ngati anzanga. Imamwa kuposa Corolla, ndipo pa ukwati palibe adzaicheukire. Koma ndinaiyesa ya mnzanga wina pa chitunda cha ku Chowe, ndipo turbo itatsegula pakhosi ndinamva msana ukukanikizika ku mpando. Ndinaseka ndekha ngati mwana.

Ilipo ina ku Limbe, ya 2010, imene tikukaiona Loweruka ndi makaniko wangayo. Wati akalowa pansi pake ndi tochi ndipo ine ndisakatsegule pakamwa mpaka iye atatuluka. Corolla yapeza kale woifuna, mnyamata amene akuti aziyendetsa matola pakati pa boma ndi Namwera. Koma mayi a kunyumba alamula kuti makiyi ake asachoke m'nyumba muno kufikira yatsopanoyo itapita ku Makanjira mu Febuluwale, mvula ili pakati, n'kubwerako yokha popanda kukokedwa ndi thirakitala.