Ndowa, thawulo ndi gitala ya ku Kijitonyama

Ku Dar es Salaam palibe amene amasowa chinyezi. Malaya ukawayanika m'nyumba mwezi wa Epulo amatha masiku awiri asanaume, mchere umagwirana m'botolo, nsapato zachikopa zimachita chuku pansi pa bedi. Mphepo yochokera kunyanja imabwera itasenza madzi, ndipo kachipangizo koyezera chinyezi, ka hygrometer, kawirikawiri kamaloza pa maperesenti 75 kapena 80. Choncho munthu akamva kuti mmisiri wina wa magitala ku Kijitonyama anapanga makina owonjezera chinyezi, akhoza kuseka. Ine ndinathandiza nawo kupanga makinawo, ndipo sinali misala.

Mmisiriyu ndi bambo wachikulire amene anayamba ndi mipando ndi zitseko. Onse amangomutchula kuti fundi, monga Aswahili amatchulira mmisiri aliyense. Amagwirira ntchito kuseri kwa nyumba yawo, chapakati pa Sayansi ndi msika wa ziboliboli wa ku Mwenge. Ine ntchito yanga ndi yomasulira mawu, ndiye ankandibweretsera mapepala achingelezi a kapangidwe ka magitala kuti ndiwaike m'Chiswahili. Umu ndi mmene ndinadziwira kuti thabwa, ngakhale litadulidwa zaka khumi zapitazo, limamwabe madzi a mumpweya n'kuwalavula.

Thabwa likamwa limafufuma, likauma limafota, koma limatero m'lifupi, osati m'litali. Pa chinyezi cha maperesenti 80 thabwa limasunga madzi okwana pafupifupi maperesenti 16 a kulemera kwake. Pa 45 limasunga pafupifupi 8. Thabwa la pamimba pa gitala n'lopyapyala, silipitirira mamilimita 3, ndipo m'lifupi ndi masentimita pafupifupi 38. Likachoka pa 16 kufika pa 8 limafuna kufota ndi mamilimita 3 kapena 4. Koma kufota silingathe, poti lamatidwa ndi guluu m'mbali monse, ndipo kunsi kwake kuli timitanda topingasa. Chotsalira n'kung'aluka basi. N'chifukwa chake opanga magitala ambiri amamata matabwa awo pa chinyezi cha 45 mpaka 50. Gitala yomatidwa pouma ikapita konyowa imangotupa pang'ono. Yomatidwa ponyowa ikapita kouma imasweka.

A fundi anaziphunzira izi ndi misozi. Gitala imene anaigwirira ntchito miyezi itatu anaigulitsa kwa woimba kwaya wa ku Dodoma, kumtunda kouma. Isanathe miyezi iwiri inabwerako ndi mng'alu kuyambira pomangirira nsambo mpaka kumunsi. Anabweza ndalama zonse, koma chinawapweteka kwambiri ndi mbiri, chifukwa oimba kwaya amadziwana.

Atatero anatseka kachipinda kamodzi, namata ming'alu ya pazenera, n'kuikamo AC yakale yogula kwa munthu. AC imaziziritsa, komanso imafinya madzi mumpweya. M'miyezi ya mvula inkagwira bwino ntchito yake. Koma mu Julayi ndi Ogasiti, kunja kukaumako, makina akale aja, amene sadziwa kuyeza chinyezi, ankapitirira muyeso mpaka kufika pa 35. Akazimitsa, chinyezi chinkakwera msanga kudutsa 60. Thabwa lopyapyala limamva kusintha kotere m'maola ochepa: m'mawa lawongoka, madzulo lapindika ngati chipande. Panafunika chinthu chobwezera madzi pang'onopang'ono AC ili chiyakire.

Tinagwiritsa ntchito ndowa ya pulasitiki ya malita 20 yokhala ndi chivundikiro, fani ya kompyuta yakufa ya mavoti 12, adaputa yake, ndi thawulo lakale. Pachivundikiro a fundi anaboola bowo lolingana ndi fani, n'kuimangirira kuti izipemerera m'kati. M'mbali mwa ndowa, chakumtunda, anaboola timabowo tambiri totulukira mpweya. Thawulo tinalikoleka pa waya m'kati, theka lili m'madzi, theka lili pamphepo. Thawulo limakoka madzi ngati chingwe cha koloboyi, fani imaliumitsa, madziwo n'kulowa mumpweya wa m'chipinda.

Ku Kariakoo kuli timakina totulutsa nthunzi yoyera ngati utsi, ndipo sitidula kwambiri. A fundi anatikana. "Dada, madzi a pachitsime chathu ali ndi mchere," anandiuza. "Kamakina kajako kamamwaza madzi ndi mchere womwe, mawa ndidzapeza fumbi loyera pa vanishi." Pa ndowa mchere umatsalira pa thawulo, ndipo thawulo limachapika. Ubwino wina ndi woti mpweya ukayamba kukhuta, thawulo limauma mochedwa, ndiye makinawo amadzichepetsera okha liwiro.

Panatsala kudziwa ngati kachipangizo koyezera kamanena zoona, poti totchipa timanama. Njira yake ndinaipeza m'mapepala omwe aja. Umathira mchere wa patebulo m'kachitsekero ka botolo, n'kudontheza madzi mpaka ukhale ngati mchenga wonyowa, kenaka umatsekera mcherewo ndi kachipangizoko m'botolo limodzi usiku wonse. Mchere wotere umasunga mpweya pa maperesenti 75. Kathu kanaloza 70, ndiye a fundi analemba +5 ndi pensulo pakhoma. Kuyambira pamenepo chipindacho chimakhala pakati pa 45 ndi 50, bola magetsi asazime.

Chimene mapepala sananene ndi udzudzu. Amene amafalitsa dengue amaikira mazira m'madzi oyera osayenda, ndipo mzinda uno unavutika ndi matendawa mu 2014 ndi mu 2019. Timabowo tonse tinatiphimba ndi chidutswa cha neti, ndipo madzi amatayidwa pakapita masiku atatu. Olemba mapepala aja amakhala kumaiko kumene mdani wa gitala ndi moto wotenthetsera nyumba m'chisanu. Malangizo awo ndi oona, koma ndi a kwawo. Zimandikumbutsa mawu akuti masika. Kwathu masika ndi nthawi yokolola, mvula italeka, chimanga chikuuma m'munda. Kwa Mswahili masika ndi mvula yaikulu ya Malichi mpaka Meyi. Womasulira amene angangokopera mawuwo osafunsa kuti kuthambo kuli bwanji, adzauza mlimi kuti ayanike chimanga pamvula.

Kusamala konseku kuli ndi chifukwa china. Pokanikiza zala ndi pomangirira nsambo a fundi amaikapo mpingo, umene ife timati phingo. Mtengowu umatenga zaka 70 mpaka 100 kuti ukhwime, ndipo ndi womwewo umene ku Ulaya amapangira ma clarinet. Kuyambira 2017 malonda ake a pakati pa maiko ali m'manja mwa pangano la CITES. M'mbali ndi kumsana amaika mninga, mlombwa wathu uja. Gitala ikang'aluka, sizimangotayika miyezi itatu ya mmisiri. Pamatayikanso mtengo umene unamera agogo athu ali ana.

Nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife. Woimba ng'oma ku gule amadziwa kuti chikopa chimalefuka usiku mame akagwa, ndipo amachiwamba pamoto mpaka chilire bwino. Kusiyana kwake n'koti chikopa chimabwerera, pomwe thabwa long'aluka silibwerera.

Gitala imene ili pabenchi pano ikupita ku Lilongwe, kwa mphwanga amene amaimba kutchalitchi. Idzakwera basi kudzera ku Mbeya, kuwoloka Songwe, kutsika ku Karonga, ndipo idzafika kumayambiriro kwa Okutobala, nthawi imene milomo imang'ambika ndi kuuma. A fundi aikamo kale m'bokosi mwake kambale ka sopo koboolaboola, muli kasiponji. Andipempha kuti ndilembe malangizo m'Chichewa pakapepala: nyowetsa siponji, finya mpaka isadonthe, tseka bokosi, usasiye gitala m'galimoto padzuwa. Mzere womaliza anauwonjezera okha: mvula ikayamba, chotsamo siponjiyo.